Kalata yotseguka kwa a Nduna oona za mapaki ku Ontario: musatseke misasa masamba asanathe kuyoyoka

Olemekezeka a Nduna oyang'anira zachilengedwe ndi mapaki m'chigawo cha Ontario ku Canada, ndi inu akuluakulu a Ontario Parks,

Ndabwera ndi pempho limodzi lokha, ndipo ndiyamba n'kulitchula kuti musavutike kulifunafuna m'kati mwa kalata. Mapaki a boma amene amalandira anthu ogona m'matenti, makamaka a kummwera ndi a pakati pa chigawo chino, asamatseke misasa yawo yonse tchuthi cha Thanksgiving cha mu Okutobala chikangodutsa. Paki iliyonse imene ingakwanitse isiyeko mbali imodzi yotsegula kufikira Lamlungu loyamba la Novembala, tsiku lija timabweza mawotchi m'mbuyo. Masiku amenewa alengezedwe nthawi ikadalipo, ndipo akhale omwewo kwa zaka zingapo zotsatizana, kuti munthu azitha kukonzekera.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi si yachilendo kwa inu. Msasa wa Mew Lake ku Algonquin umalandira anthu chaka chonse, chimodzimodzinso Pinery m'mphepete mwa nyanja ya Huron, MacGregor Point ndi Killarney. M'zaka zaposachedwapa mwawonjezeranso masabata ku mapaki ena kuti afike chakumapeto kwa Okutobala. Pa zimenezi tikuthokoza. Koma mwa mapaki oposa 100 amene ali ndi antchito ndiponso amalandira alendo, ambiri amatsekabe geti la misasa pa Thanksgiving pomwepo, ndipo ena amakhala atatseka kale mu Sepitembala. Ochepa otsalawo amadzaza msanga kumapeto kwa sabata. Kudzazako n'kumene kukutiuza kuti ofuna alipo.

Kalendala imene mapaki amayendera tonse timaidziwa. Amatsegula mu Meyi, pafupi ndi Victoria Day, mu Julayi ndi Ogasiti kumakhala piringupiringu, ndiye Labour Day ikakwana kumayambiriro kwa Sepitembala amayamba kulongedza. Kalendala imeneyi inakonzedwa poganizira banja limene ana ake ali pa holide ya miyezi iwiri ndipo makolo amasankha okha masabata awo opuma. Mabanja oterowo alipo, sindikuwachitira nsanje. Ndikungopempha kuti muone amene kalendalayi imawasiya kunja kwa geti.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Hamilton. Anzanga ambiri pa shifiti ndi obwera: ochokera ku Philippines, Jamaica, India, Nigeria, Zimbabwe, ndi ife ochepa a ku Malawi ndi Zambia. Lamulo la ntchito la Ontario limapatsa munthu masabata awiri a tchuthi pa chaka, atatu akakwanitsa zaka zisanu kwa bwana mmodzi, koma mphamvu yonena kuti tchuthicho chitengedwe liti limaisiya m'manja mwa wolemba ntchito. M'malo ambiri onga athu amayamba kusankha ndi amene anakhalitsa pantchito, moti Julayi ndi Ogasiti amatha ndandanda isanafike n'pakati pomwe. Wobwera kumene amatsalira Okutobala, Novembala kapena Febuluwale. Si a zachipatala okha. Omanga nyumba ndi okonza misewu chilimwe ndiye nthawi yawo yopezera ndalama, sangachoke. Ogwira ntchito m'minda ya zipatso ya ku Niagara, m'malesitilanti ndi m'mahotela amapuma alendo akabwerera kwawo. Onsewa amakhoma msonkho ndipo mapakiwo ndi awonso, koma mpata ukawapezekera amapeza inu mwakhoma loko.

Palinso nkhani ya kubukitsa. Malo amatsegulidwa pa intaneti kutatsala miyezi isanu, nthawi ya 7 koloko m'mawa. Wofuna kukagona ku Sandbanks kapena ku Killbear mu Julayi amayenera kukhala ali tcheru pa kompyuta mu Febuluwale, chifukwa malo abwino amatha m'mphindi zochepa. Pa 7 koloko m'mawa ife timakhala tikulandirana shifiti, ena akuyamba kudzutsa agogo kuti asambe. Nanga mu Febuluwale ndani wa ife amene amadziwa masiku ake opuma a mu Julayi? M'chaka cha 2023 munachepetsa mausiku amene munthu angakhale pamalo amodzi m'nyengo yotanganidwa, kuchoka pa 23 kufika pa 7 ku Algonquin, Bon Echo, Killbear, Pinery ndi Sandbanks, ndi 14 ku mapaki ena ambiri. Munachita bwino, chifukwa ena ankagwira masabata atatu athunthu n'kumadzabweza masiku amene sakuwafuna pambuyo pake. Koma lamulo limenelo linali kuvomereza kuti chilimwe chadzaza. Julayi mungamudule tizidutswa ting'onoting'ono bwanji, simuwonjezera usiku ngakhale umodzi. Mausiku atsopano ali mu Okutobala, m'misasa imene inamangidwa kalekale, misewu yake ilipo, matebulo ndi malo osonkhapo moto alipo. Kukhazikitsa paki yatsopano kumafuna zaka ndi ndalama zankhaninkhani. Kutalikitsa nyengo kumafuna chisankho ndi malipiro a anthu ochepa.

Musaganize kuti tikupempha makombo a chaka. Anthu ozolowera tchire la kuno amadziwa kuti nyengo yoyoyoka masamba ndiyo yokoma. Tintchentche takuda toluma tija, timene timasautsa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, timakhala titatha, udzudzu nawonso chisanu choyamba chikagwa umazimiririka. Kwa ife amene tinakulira kumene kulira kwa udzudzu kumakumbutsa malungo, zimenezi si zazing'ono, ngakhale tikudziwa kuti udzudzu wa kuno ulibe malungo. Usiku umatalika, munthu amagona mokwanira, ndipo aphokoso a m'chilimwe amakhala atabwerera m'tauni. Ku Algonquin mitengo ya sugar maple imafiira kumapeto kwa Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Ikayoyoka, poplar ndi birch zimasanduka zachikasu chapakati pa mweziwo, ndipo pomalizira penipeni tamarack, mtengo wa masamba onga singano umene mosiyana ndi paini umawataya chaka chilichonse, umawalitsa madambo. Lipoti lanu lomwe la mitundu ya masamba, limene mumaika pa intaneti chaka chilichonse, limasonyeza kuti kufiiraku kumayambira kumpoto n'kumatsika pang'onopang'ono. Ku Rondeau ndi mapaki ena a m'mphepete mwa nyanja ya Erie kumafika mochedwa, Okutobala atapita ndithu. Thanksgiving imagwa pakati pa 8 ndi 14 Okutobala, kutengera chaka. Ndi tsiku la pa kalendala ya tchuthi, mitengo silidziwa. Kutseka msasa wa kummwera pa tsiku lofanana ndi wa kumpoto pafupi ndi Timmins n'kosamveka.

Nyengo nayonso yasintha. Lipoti la boma la Canada la 2019 linanena kuti dziko lino likutentha mofulumira pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi dziko lonse lapansi. Tonse tikukumbukira Juni wa 2023, utsi wa moto wolusa utaphimba Toronto ndi Ottawa, ndipo m'dera lalikulu la chigawo chino kusonkha moto panja kunaletsedwa mpaka pa 11 Julayi. Amene anabukitsa mu Januwale ndi Febuluwale anakakhala m'misasa yopanda moto, akupuma utsi. Ngati chilimwe chikuyamba kukhala chosadalirika chotere, n'kwanzeru kuti nyengo yonse ya misasa isamadalire miyezi iwiri yokha.

Ndinenekonso za msewu wa Highway 60, umene umadutsa makilomita 56 m'kati mwa Algonquin. Masamba akafika pachimake, Loweruka ndi Lamlungu galimoto zimandandalika pa geti la kumadzulo, malo oimika galimoto pa Lookout Trail amadzaza, ndipo kuyambira 2021 munayamba kugulitsiratu zilolezo za tsiku kutatsala masiku asanu kuti khamulo lichepe. Ambiri mwa anthu amenewa amanyamuka ku Toronto m'bandakucha, kuyenda maola atatu, kujambula zithunzi, n'kutembenuka madzulo omwewo atatopa. Nthawi imeneyi ndi imenenso nyama zikuluzikulu zotchedwa moose zimakhala pa nyengo yokwerana, zimayendayenda, ndipo aliyense amene anaionapo itaima pamsewu chisisira chitagwa amadziwa kuti kugundana nayo si ngozi yoti munthu atulukamo akuseka. Anthu amathamangira masabata awiri omwewo chifukwa anauzidwa kuti pambuyo pake kulibe kanthu. Mutakhala ndi misasa yotsegula mpaka Novembala m'mapaki ambiri, n'kumailengeza mwamphamvu monga mumalengezera maple ya ku Algonquin, khamu lija lingamwazike, ndipo ena angagone komweko m'malo moyendetsa galimoto usiku.

Tsopano ndifike pa chifukwa chenicheni chimene mumatsekera, pakuti sindikhulupirira kuti mumatseka chifukwa cha nkhanza. Ndi madzi. Mapaipi a m'misasa yambiri sanakwiriridwe mozama. Kumene kuli thanthwe la Canadian Shield, nthaka ndi yopyapyala moti paipi imadutsa pafupi ndi pamwamba. Madzi akaundana amafufuma, paipi imang'ambika, ndipo vutolo limadzaonekera mu Meyi potsegulanso, pamene pafunika kukumba n'kusaka pamene pakudontha. N'chifukwa chake chisanu champhamvu chisanafike, antchito amayenera kutseka makina, kukhuthula matanki, kupopera mpweya m'mapaipi kuti musatsale dontho, ndi kuumitsa mabafa ndi zimbudzi zogejemula. Ntchitoyi imatenga masiku, ndipo singadikire kuti tione ngati chaka chino kuzizira kuchedwa. Pamwamba pa apo, chichitikireni tsoka la ku Walkerton mu Meyi 2000, pamene anthu 7 anamwalira ndipo oposa 2,000 anadwala chifukwa cha madzi akumwa oipitsidwa, malamulo a madzi m'chigawo chino ndi okhwima, ndipo mpopi uliwonse wa anthu umafuna woyeza ndi woyang'anira. Malamulo amenewo asafewetsedwe chifukwa cha ife.

Choncho sindikupempha kuti madzi azituluka mpaka Novembala. Madziwo tsekani pa tsiku lanu lomwelo, koma geti mulisiye. Pafupifupi msasa uliwonse uli kale ndi zimbudzi zokumba zosafuna madzi. Mitengo ya magetsi ya pamalo ogona siundana. Pa ofesi ya pageti kapena pa nyumba ya antchito, pamene pamakhala potenthetsedwa, pangathe kutsala mpopi umodzi woti anthu azidzaziramo zigubu, ndipo kumene zimenezo sizingatheke, lembani momveka pa tsamba lobukitsira kuti aliyense abwere ndi madzi ake. Anthu oyenda ndi zikwama kumsana amagona ku Frontenac chaka chonse popanda bafa kapena mpopi pafupi, ndipo palibe amene amati boma lawalakwira. Eni ngolo zogonamo ali ndi matanki awo. Ife ena kutunga madzi m'chigubu sitinaphunzirire ku Canada. Chofunika n'chakuti munthu adziwiretu chimene akukapeza, ndiponso mtengo utsike molingana ndi zimene zachotsedwa. Malo opanda bafa asalipiritsidwe ngati malo a mu Julayi. Mtengo wotsikawo ndi umenenso ungalowetse banja limene chilimwe limachiona patali chifukwa cha thumba.

Chifukwa chachiwiri ndi antchito. Ambiri amene timawaona pageti, m'sitolo ndi poyeretsa zimbudzi m'chilimwe ndi ophunzira, ndipo Labour Day ikakwana amabwerera kusukulu. Otsala ndi ochepa, ndipo ndi omwewo amene ali ndi ntchito yotseka paki. Izi n'zoona. Koma msasa wa malo makumi angapo, wopanda mabafa oti azikolopedwa, wopanda gombe loti aziliyang'anira, sufuna gulu la mu Ogasiti. Ukufuna woyang'anira chitetezo, wotaya zinyalala ndi kuyeretsa zimbudzi, ndi wina wogulitsa nkhuni. Kuchokera pa Thanksgiving kufika Lamlungu loyamba la Novembala pali masabata atatu, zaka zina pafupifupi anayi. Kwa wantchito wa nyengo amene amakhala ku Whitney kapena ku Dwight, midzi yoyandikana ndi Algonquin, kumene ntchito za m'nyengo yozizira n'zosowa, masabata atatu a maola 40 ndi maola 120. Kuti munthu alandire chithandizo cha Employment Insurance, chimene boma limapereka kwa amene ntchito yawathera, amafunika maola a pakati pa 420 ndi 700, kutengera dera, ndiye maola 120 angathe kusiyanitsa nyengo yozizira yokhala ndi chakudya ndi ya ngongole. Ndikutsindika: ikhale ntchito yolipidwa, yokambirana ndi bungwe lawo la OPSEU. Musatitsegulire misasa pomusenzetsa wantchito mmodzi katundu wa anthu atatu, kapena podalira anthu ongodzipereka. Ife ogwira ntchito m'nyumba za okalamba tikudziwa mmene shifiti yoperewera anthu imawawira, sitingafunire wina zomwezo kuti ife tikaothe moto.

Chachitatu ndi ndalama. Kuyambira 1996 Ontario Parks imasunga ndalama zimene imatolera pageti ndi m'misasa, ndipo gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera mapaki limachokera kwa alendo. Ndiye sabata iliyonse yowonjezera iyenera kudzilipira yokha kapena kulipiridwa ndi ina. Sindinganene kuti paki iliyonse idzapindula, makamaka pakati pa sabata mvula ikamagwa. Koma chigawo chino chinayesapo kale njira yodziwira zoona. Mu 2012 boma linalengeza kuti mapaki 10, ambiri a kumpoto, asiya kulandira ogona pofuna kupulumutsa ndalama. Anthu a ku Hearst, Moonbeam ndi Timmins anakana kungopinda manja. Makhonsolo awo anagwirizana ndi boma kuti Fushimi Lake, René Brunelle ndi Ivanhoe Lake apitirize kutsegula mongoyesa, iwo atalonjeza kukwirira ndalama zikaperewera. Mapaki atatuwa akulandirabe alendo mpaka lero. Bwanji osachita chimodzimodzi ndi masabata a Okutobala? Sankhani mapaki angapo m'madera osiyanasiyana, kambiranani ndi makhonsolo ndi amalonda oyandikana nawo, amene amagulitsa mafuta, buledi ndi khofi kwa ogona m'misasa, yesani kwa zaka zitatu, ndipo chaka chilichonse muziika poyera kuti malo angati anagonedwa, ndalama zinalowa zingati, zinatuluka zingati. Ndikuti zaka zitatu chifukwa chaka chimodzi sichiyesa kanthu. Anthu amatenga nthawi kuti azolowere kuti paki yakutiyakuti imatsegula mochedwa, ndipo Okutobala mmodzi wa mvula angathe kupha ganizo labwino.

Pali chifukwa china chimene ndimachilemekeza kuposa zonsezi. Lamulo la mapaki la 2006 limanena kuti chinthu choyamba poyendetsa paki ndi kusunga chilengedwe chake kuti chikhale chathunthu, zosangalatsa anthu zimabwera pambuyo. Ndikugwirizana nalo. Nthaka ya pamsasa imene yapondedwa kuyambira Meyi imafuna kupuma, ndipo ikanyowa ndi mvula ya Okutobala imagangatika msanga. Milu ya mchenga ya ku Sandbanks ndi ku Pinery ndi yosachedwa kuwonongeka. N'chifukwa chake ndanena kuti mbali imodzi, osati paki yonse, ndipo mbaliyo ingamasinthidwe chaka ndi chaka, kusankha ya nthaka yolimba, yotalikira madambo. Kumene akatswiri anu a zachilengedwe anena kuti ayi, pakhale ayi, koma atiuze chifukwa chake. Kumene kuli mapangano ndi eni nthaka, monga a Algonquin amene amasaka m'mbali zina za paki ya dzina lawo m'nyengo imeneyi, ayambe afunsidwa iwo. Za kumpoto kwenikweni, kumene chipale chimatha kugwa mu Okutobala, sindikukakamira. Anthu a kumeneko anene okha.

Walira mvula walira matope, ndipo ife opempha tiyenera kuvomera matope ake. Mu Okutobala zimbalangondo zakuda zimadya usana ndi usiku pokonzekera kukabisala m'mapanga awo, moti chakudya chosiyidwa patebulo kapena bini yosefukira zimaziitana. Nkhupakupa za miyendo yakuda, zofalitsa matenda a Lyme, sizitha ndi chilimwe: zikuluzikulu zimakhala zili pa udzu mu Okutobala ndi Novembala bola kunja kusaundane, ndipo Rondeau, Long Point ndi Pinery ndi madera odziwika nazo. M'mapaki ena, monga Presqu'ile, muli masiku osaka abakha, ndipo kumayambiriro kwa Novembala kusaka agwape ndi mfuti kumayamba m'madera ambiri ozungulira mapaki. Choopsa kwambiri kwa wachilendo ndi kuzizira kwa usiku. Munthu amene wabwera ndi tenti yotchipa ndi bulangete limodzi, kukazizira pakati pa usiku, angaganize zolowetsa mbaula ya makala kapena chitofu cha gasi m'tenti. Mpweya wa carbon monoxide wotuluka m'zimenezi sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Ambiri a ife tinamvapo za maliro otere kwathu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, anthu atagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mawindo. Chenjezo limeneli lisabisike pansi pa tsamba m'zilembo zing'onozing'ono. Lilembedwe pa chikalata chobukitsira, linenedwenso pakamwa pageti.

Nkhuni ndiye musazinyozere. Munthu wa mu Okutobala amaotcha nkhuni zambiri kuposa wa mu Julayi, ndipo akapeza sitolo ya paki yotseka, ulendo wotsatira adzanyamula zake kuchokera kunyumba. Umu ndi mmene tizilombo timayendera. Kachilombo ka emerald ash borer kanapezeka koyamba ku Windsor mu 2002, ndipo tonse taona mitengo ya ash youma m'misewu ya Hamilton ndi Toronto. Mu 2023 matenda a oak wilt anapezeka ku Niagara Falls, koyamba m'dziko lino, ndipo Pinery ndi nkhalango ya mitengo ya oak. Msasa uliwonse wotsegula mochedwa ukhale ndi pogulira nkhuni za komweko, ngakhale litakhala khola lotsegulidwa ola limodzi madzulo.

Zonsezi zimaphunzitsika, ndipo chida chophunzitsira muli nacho kale. Kuyambira 2011 pulogalamu yanu ya Learn to Camp yaphunzitsa mabanja ambiri, ochuluka a iwo obwera kumene, kumanga tenti, kusonkha moto ndi kusunga chakudya. Maphunzirowa akhala akuchitika m'chilimwe, nthawi yomweyo imene ambiri a ife sitingachoke pantchito. Onjezanipo a kumapeto kwa Sepitembala ndi mu Okutobala, m'mapaki apafupi ndi mizinda monga Bronte Creek ku Oakville, ophunzitsa kuvala mophatikiza, kuyala chotchinga kuzizira pansi pa chogonera, ndi kudzifufuza nkhupakupa madzulo. Malaibulale amene amabwereketsa kale zilolezo zanu zolowera m'paki masana angathandize kufalitsa uthengawo. A Parkbus, amene amanyamula anthu opanda galimoto kuchokera ku Toronto, angakonze maulendo awo pokhapokha atadziwa msanga kuti paki iti ikhala yotsegula mpaka liti.

Ndichenjezeko pa chinthu chimodzi chimene ndikuopa. Nkhani ya kutalikitsa nyengo ikafika pa tebulo la akuluakulu, kawirikawiri imasanduka nkhani yomanga tinyumba totenthetsedwa, komanso matenti aakulu okhazikika otchedwa ma yurt. N'zabwino, okalamba ndi a ana aang'ono zimawathandiza, koma n'zochepa, zimatha kubukitsidwa tsiku lomwe zatsegulidwa, ndipo mtengo wake umawirikiza kawiri kapena kuposerapo pa malo a tenti. Mukamanga khumi n'kulengeza kuti nyengo yatalikitsidwa, mayi wogwira shifiti ya usiku amene ali ndi tenti yobwereka ndi ana awiri adzakhala ali pomwe analiri. Chimene ndikupempha ndi chotchipa kuposa pamenepo: malo athyathyathya, tebulo, posonkha moto, chimbudzi choyera, ndi geti losakhoma.

Pomaliza, za nthawi. Popeza kubukitsa kumayamba kutatsala miyezi isanu, wofuna kufika pa 20 Okutobala amayenera kupeza malowo pa intaneti pa 20 Meyi. M'malo ambiri a ntchito mapepala opemphera tchuthi amadzazidwa kumayambiriro kwa chaka, Meyi asanafike. Chilengezo chotuluka mu Sepitembala, chonena kuti paki yakuti yawonjezera masabata awiri, chimathandiza opuma pantchito ndi eni ngolo zogonamo amene angathe kunyamuka mawa, koma ife chimatipeza ndandanda itatsekedwa kale. Choncho ndikupempha kuti pamene mukutulutsa masiku otsegulira ndi otsekera mapaki a chaka chamawa, pakhale pomwepo mndandanda wa mapaki amene adzafike Novembala, mbali ya msasa imene idzatsale yotsegula, ngati padzakhale madzi ndi nkhuni kapena ayi, ndi mtengo wake pa usiku.

Ine wanu mwaulemu,

Wosamalira okalamba
Hamilton, Ontario